Mavidiyo Khumi ndi Awiri a pa Chimbowera

Mkazi wanga Mwanabibi sankaonera filimu ngati anthu ena. Enafe tikakhala pansi timayang'ana nkhope za okondanawo, mtima uli m'mwamba, kudikira ngati mnyamata wosaukayo amukwatiredi mwana wa bwana. Iye maso ake ankathamangira kumbuyo: pa makatani, pa kapu ya tiyi, pa nsapato za munthu wongodutsa amene ngakhale dzina sanamupatse.

Tinali ndi kawailesi kakanema kakang'ono koyendera batire ya sola, ndipo Lachisanu lililonse ndikatuluka mu mzikiti ndinkadzera pa Kachulu, pashopu yomwe amakopera mafilimu mu fulashi. Ine ndinkakonda achikondi, makamaka a Amwenye aja otanthauziridwa m'Chichewa, omwe anthu ake amayamba kulira filimu isanafike n'pakati pomwe. Sindichita nazo manyazi. Munthu amene watha sabata yonse akununkha utsi wa mlamba ali ndi ufulu woonako anthu osamba bwino akuthamangitsana m'munda wa maluwa.

Koma taganizani. Mnyamata wagwada, mvula ikukhuthuka, nyimbo yafika pokanda mtima, ine m'maso mwayamba kale kuyabwa. Ndiye ungomva:

"Bambo a Shamila, imitsani kaye."

"Chiyaninso?"

"Mpango uja unali wofiira. Pano ndi wobiriwira. Wakasinthira kuti, m'mvula momwemo?"

"Mayi a Shamila, munthuyo akufunsira banja."

"Afunsire, sindikumuletsa. Koma tabwezani pang'ono muone."

Ndinkabweza ndikukukuta mano, ndipo chondipweteka kwambiri chinali chakuti sankaphonya. Mpangowo unalidi wofiira. Tsiku lina anaona wotchi ikudumpha kuchoka kudzanja lamanzere kupita kulamanja, mwini wake ali pakati polumbira kuti sadzasintha mpaka imfa. Mu filimu ina mtsikana anang'amba kalata zidutswa zinayi, n'kulira, kamera pobwerera kalatayo ili patebulo yathunthu. Panalinso ya mnyamata yemwe anawomberedwa mwendo wamanzere populumutsa chibwenzi chake, koma kuchipatala anatuluka akutsimphina ndi wamanja.

"Mwina ululu unasamuka," ndinatero.

"Eya, unasamuka ndi bandeji yomwe," anayankha, osaseka n'komwe.

Mwanabibi ndi telala. Makina ake opondera amakhala pakhonde, ndipo akakuyang'ana kamodzi amadziwa kuti phewa lako lamanja ndi lotsika kuposa linzake, chinthu chomwe amayi ako okubereka sanachionepo. Kwa makasitomala maso amenewo anali mdalitso, koma kwa ine anali chilango. Ndinkayesa kumuphunzitsa kuti opanga mafilimu sajambula zonse tsiku limodzi. Amajambula zidutswazidutswa, lero ukwati, mwezi wamawa kukumana koyamba, kenako n'kulumikiza. Iye ankati nayenso ndi momwe amachitira ndi nsalu, koma sanasokepo malaya a mkono umodzi wofiira wina wobiriwira.

Tsiku lina ndinaphulika. Anali atangondiwonongera mathero a filimu ya maola atatu chifukwa cha kapu ya madzi yomwe inadzaza yokha patebulo.

"Mayi a Shamila, ndikupempheni chinthu chimodzi ndisanafe. Tsiku limodzi lokha mudzaonere filimu mpaka kumapeto pakamwa muli chitsekere."

Anaganiza kaye, ulusi uli pamlomo.

"Ndidzatero," anati, "ikadzapezeka yoti sindikufuna kuti ithe."

Ine dzina langa ndine Ayuba, ndipo pamudzi pajapo ndinali mkamwini. Nyumba ya malata ndinamanga ndine, koma dothi lomwe inakhalapo linali lakuchikazi, ndipo aliyense ankadziwa amene angatsale ndi amene angachoke zinthu zitavuta. Ntchito ya nsomba anandilowetsa ndi apongozi anga, Che Hamisi, bambo ake a Mwanabibi, omwe anamulera okha amayi ake atamwalira. Mkuluyo theka la moyo wake anathera pa chimbowera, tinyumba tija asodzi a pa Chilwa amamanga pa njedza zoyandama pakati pa nyanja, n'kumagona konko milungu ingapo akupha ndi kuwamba mlamba. Ine ndinkapitako masiku atatu kapena anayi, kusonkhanitsa nsomba zouma kwa iwo ndi kwa anzawo a zimbowera zina, kenako n'kukagulitsa ku Songani ndi ku Zomba.

Ku Songaniko n'komwe kunali Lucy. Anali ndi tiyirumu m'mbali mwa msewu, ndipo tiyi wake sankaumira mkaka. Sindikunamizani kuti anandidyetsa mankhwala. Ankangoseka nthabwala zanga, basi. Tsiku lina tinaonera filimu pafoni yake, ndipo analira pamalo oyenera kulira, osafunsa za mpango wa munthu aliyense. Ndinamuyang'ana ndipo ndinamva kuti ndapeza munthu wondimvetsa.

Chipembedzo chathu sichiletsa mwamuna kukhala ndi nyumba yachiwiri, koma chimafuna kuti uime poyera, unene. Kuima poyerako n'komwe kunandikanika. Ndinasankha njira ya anthu ochenjera kwambiri: masiku ena omwe ndinkati ndili panyanja, ndinkazungulira m'minda ya mpunga, n'kukakwerera minibasi kutali ndi maso a padoko, ulendo wa ku Songani. Apongozi sankandidetsa nkhawa. Foni analibe, kumtunda ankabwera kamodzi pa mwezi, ndipo masiku sankawawerenga.

Vuto linali foni yangayo. Mwanabibi akaimba, kumbuyo kwanga kunkamveka makondakitala akukuwa za Liwonde ndi Mangochi, pamene pakati pa nyanja ya Chilwa sipadutsa minibasi. Ndiye ndinamuuza kuti kunyanja netiweki imadukaduka, kuimbirana n'kosatheka, koma vidiyo ya pa Watsapu imapita yokha ikangogwira pang'ono. Zimenezo zinali zoona ndithu, ndipo iye anavomera.

Mwezi wa Malichi, nyanja itadzaza mpaka m'minda, ndinapita pa chimbowera cha apongozi ndi chikwama chomwe munali malaya atatu ndi zipewa ziwiri. Ndinaima pangodya, nsana nditalozetsa ku phiri la Chisi, foni nditaitambasulira patsogolo, n'kuyamba ntchito.

"Salaam aleikum, Mayi a Shamila. Ndafika bwino. Mphepo ilipo pang'ono koma musadandaule. Ndibwera Lachinayi, Insha Allah."

Ndinasintha malaya.

"Mayi a Shamila, nsomba zavuta ulendo uno, nditha kugonanso tsiku lina. Mumupatse moni mwanayo."

Ndinasintha chipewa. Ena ndinajambula m'mawa, ena dzuwa lili paliwombo, ena chakumadzulo, onse pamodzi khumi ndi awiri. Musaganize kuti ndinachita mwachibwana, ndinali nditaphunzira kwa mphunzitsi woopsa. Wotchi ndinaisunga dzanja limodzi. Mabatani ndinawerenga. Ndinalumbira kuti ndevu ndizizimeta mofanana chaka chonse, ndiponso kuti pa ulendo uliwonse ndizichoka pakhomo nditavala malaya omwe ali mu vidiyo ya ulendowo. Pa maulendo enieni a panyanja ndinatsimikiza kuti sindizitumiza kanthu, kuopa kuti zatsopano zingasiyane ndi zakale. Ndizingoti netiweki inakana. Amwenye a mafilimu aja akanandiona tsiku limenelo akanandilemba ntchito.

Che Hamisi anali pa ntchito zawo. Nthawi ina anandifunsa chapatali:

"Akamwini, mukulankhula ndi ndani kumeneko, n'kumavula malaya ngati mwaponda linthumbu?"

"Ndikuyesa foni, bambo."

"Iyeseni bwino. Ine zimenezo ayi."

Mkuluyo sankafuna kujambulidwa. Ngakhale pa ukwati wathu, wojambula atangotulutsa kamera, iwo anapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Ndisanachoke ndinaonera vidiyo iliyonse kawiri, ina katatu. Ndinkayang'anitsitsa nkhope yanga, ngati maso akuphethira kwambiri, ngati milomo ikunjenjemera. Ndinaona munthu wokhulupirika, wotopa ndi ntchito, wopukwa kunyumba kwake. Ndinamumvera chisoni munthuyo.

Mavidiyo anayi oyamba anayenda bwinobwino. Ndikatumiza, yankho linkabwera lalifupi: "Zikomo, mufike bwino." Ndikabwerera kunyumba madzi osamba ndinkapeza ali pamoto, ndipo Lachisanu Mwanabibi ankapitiriza kugwira Amwenye ndi mipango yawo. Ine chamumtima ndinkaseka. Wapolisi wa makatani anali akugona ndi wakuba m'nyumba imodzi.

Mu Meyi Che Hamisi anabwera kumtunda akutsokomola. Utsi wa zaka makumi anayi unali utakhazikika m'chifuwa. Mwanabibi anaphimba makina ake ndi chitenje n'kupita kukagona pansi kuchipatala ku Zomba, ndipo mu Juni, kukuzizira, mkuluyo anatisiya. Ndinalira zenizeni, apa ndisaname. Anali munthu yemwe anandipatsa ntchito ndi mwana wake wamkazi osandifunsa mafunso ambiri. Ndinanyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro, ndinaponya nawo dothi, ndipo mpaka sadaka ya masiku makumi anayi sindinagone ku Songani ngakhale kamodzi. Ndinkadziona kuti ndine munthu wodziwa mwambo.

Mu Ogasiti ndinayambiranso. Panyanja ndinasiyiratu kupita, nsomba ndinkangogula kwa anzanga pamsika wa Songani pompo n'kukagulitsa ku Zomba. Vidiyo yachisanu ndinatumiza ndili pabenchi ya tiyirumu, tiyi wamkaka ali patsogolo panga. Timizere tiwiri ta pa Watsapu tija tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, koma yankho silinabwere. Dzuwa linalowa, kulibe. Tiyi anayamba kundiwawa. M'mawa mwake kunabwera mawu awiri okha: "Tumizaninso ina."

Ndinapuma mpweya wautali. Ndinalemba kuti netiweki yavuta, ina ibwera ulendo wamawa. Mavidiyo anali owerengeka, sindikanawamwaza ngati chimanga cha nkhuku.

Nditafika kunyumba ndinapeza maso ake atatupa. Ndinati ndi maliro, munthu salira tsiku limodzi. Koma kuyambira pamenepo Mwanabibi anasintha, ndipo ine ndinkaona ngati wasinthira kwabwino. Lachisanu lotsatira ndinaika filimu ya mnyamata wogulitsa maluwa ndi mwana wa dokotala. Ili pakati, ndevu za mnyamatayo zinasowa potuluka pakhomo, n'kudzameranso atafika pageti. Ngakhale ine ndinaona. Ndinatembenuka kudikira "imitsani kaye." Mkazi wanga anali chete, manja ali pamiyendo, maso ali pa kanema koma osaona kanthu. Filimu inatha yonse mwamtendere, ndinalira misozi yanga yonse popanda wondisokoneza, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti pemphero langa lamveka.

Chinanso, anayamba kundifunsa za maulendo.

"Bambo a Shamila, kunyanja mupita liti?"

"Mwina sabata yamawa."

"Bwanji osapita Lolemba? Nsomba sizidikira munthu."

Ankandilongedzera yekha chikwama. Ankandifunsa malaya omwe ndikufuna kuvala, n'kuwasita mpaka mizere kuima. Pondiperekeza pakhomo sankanena za sopo kapena za yunifolomu ya Shamila. Ankangoti, "Musaiwale vidiyo."

Chaka chimenecho nyanja inathawa msanga. Pofika Seputembala padoko la Kachulu panali matope ong'ambikang'ambika, mabwato akuwakankha m'ngalande mtunda wautali asanapeze madzi oyandamapo. Phiri la Chisi linauma n'kufiira. Ndinaziganizirapo ndithu, poti sindine chitsiru. Koma ndinadziuza kuti pakati pa nyanja madzi ndi madzi, ndipo munthu amene akulira bambo ake alibe nthawi yowerenga mafunde.

Tsiku lina ndinabwera msanga kuchokera ku Songani, ndikuyenda mwakachetechete chifukwa nsapato ndinali nditazipaka dala matope a padoko. Ndinamupeza pakhonde, makina ataima, diresi la kasitomala lili lendelende pansi pa singano. Foni anali ataiyandikizitsa kumaso, zala ziwiri zikutambasula chithunzi. Ndinamva mawu anga akutuluka m'menemo. Atandiona anabisa foniyo m'chitenje ngati mtsikana wogwidwa ndi kalata. Mtima wanga unafufuma. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, mkazi akadali kukulitsa nkhope yanga kuti aione bwino!

Ndinakamusimbira Lucy nkhaniyi monyada.

"Si munkati akazi anuwo ali ndi maso oopsa?" anandifunsa akupukuta makapu.

"Ali nawo. Koma ntchito ikagwiridwa ndi katswiri, maso amagona."

Vidiyo ya khumi ndi chiwiri inapita kumayambiriro a Novembala, ndipo nkhokwe inatha. Panafunika kujambula zina. Choncho, patatha milungu iwiri, ndinanyamula malaya ena atatu n'kupitadi kunyanja, koyamba chimwalirireni apongozi. Chimbowera chawo ndinachipeza chitaphwasuka, njedza zitakhala pamatope, mbalame zikuyendapo. Tinakankha bwato ndi nsungwi mpaka kutali, pa chimbowera cha msodzi wina, Che Ibrahim. Kumeneko ndinajambula zatsopano, ndipo popeza ndinalidi panyanja, yoyamba ndinaitumiza pompo. Ndinakhalako masiku atatu, kugula mlamba, kulumidwa ndi udzudzu, kugona pa mphasa yonyowa. Inali vidiyo yanga yoyamba yonena zoona. Timizere tinasanduka tabuluu, yankho silinabwere.

Ndinafika pakhomo Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, Shamila akadali kusukulu. Mwanabibi anali pamakina. Pakhonde, pafupi ndi chitseko, panali chikwama changa chachikulu chija cha maulendo a kwathu, chodzaza. Pamwamba pake panali malaya atatu a mu Malichi aja, ochapa, ositidwa bwino, ndi zipewa ziwiri.

"Kodi kuli ulendo?" ndinafunsa.

"Ulipo. Wanu. Amalume ndawauza kale, mawa akawapeza ankhoswe anu."

"Nkhani yake?"

"Songani."

Apa ndinakwiya mkwiyo wa munthu wosalakwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinali nawo ufulu.

"Ine ndikuchokera kunyanja! Tanunkhizani malayawa! Onani m'miyendomu mmene udzudzu wandichitira! Kafunseni Che Ibrahim!"

"Ndikudziwa," anatero osakweza mawu. "Ulendo uno munalidi kunyanja. N'chifukwa chake ndalongedza. Khalani pansi, Bambo a Shamila. Lero filimu ndabweretsa ine."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala. Anatulutsa foni, n'kutsegula vidiyo yachiwiri. Nkhope yanga yokhulupirika ija inayamba kulankhula za mphepo, iye n'kuiimitsa.

"Mulu wa nkhuni uwu mukuuona? Uli mu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Milungu isanu ndi umodzi anthu akuwamba nsomba tsiku ndi tsiku, nkhuni osachepa ngakhale imodzi. Ndinadziwira pamenepo. Za Songani sizinavute, amayi ogulitsa matemba amapita konko Lachiwiri lililonse, ndipo amasoketsa kwa ine. Ndinati bambo achire kaye, tidzakambirana."

Anatsegula ina.

"Iyi munatumiza mu Okutobala. Onani phiri, lobiriwira ngati munda wa mpunga. Tsopano tembenukani muone lenilenilo."

Sindinatembenuke. Ndinkalidziwa mtundu wake.

"Koma wotchi munasamala," anapitiriza. "Ndevunso. Pamenepo ndikuyamikeni."

Manyazi akakula amasanduka ukali, ndipo ine ndinagwira ukaliwo ndi manja awiri.

"Ndiye bwanji simunalankhule? Inu amene simukhululukira mpango! Miyezi yonseyi mukundisitira malaya, mukundiperekeza pakhomo, mumandiyesa chidole?"

Anatsegula yachisanu, ija ndinatumiza mu Ogasiti tiyi ali patsogolo panga. Anaika zala ziwiri pagalasi n'kutambasula, monga ndinamuonera tsiku lija. Koma sanakulitse nkhope yanga. Anaikankhira pambali mpaka inatuluka kunja, kungotsala khutu. Kuseri kwa phewa langa lamanzere, pakhomo pa kanyumba ka njedza, panali munthu wamng'ono ngati chikhadabo. Anakulitsanso. Anali Che Hamisi, atavala malaya a khaki omwe mwana wawo anawasokera, atawerama pa waya wowambira nsomba, akutembenuza mlamba umodziumodzi.

Dzuwa lonse lija, ine ndinamva kuzizira.

"M'zoyamba zija analimonso," anatero, "koma nthawi imeneyo anali moyo, ine ndinkangoona nkhuni. Iyi inabwera patatha masiku makumi asanu titawaika m'manda. Ndinali pamakina pompano. Ndinatsegula kuti ndione bodza lanu, ndinapeza bambo anga akutembenuza nsomba. Ndinagwa pansi, Bambo a Shamila. Anansi anabwera kudzandithira madzi. Mukudziwa kuti analibe chithunzi. Chilipo cha pachiphaso chokha, chomwe akuoneka ngati agwidwa ndi mbuzi yakuba."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya, n'kuipukuta ndi kansalu kotsala pa diresi.

"Ndinafuna kukutayirani katundu panja tsiku lomwelo. Koma ndinaganiza: munthu amene wasinthasintha malaya atatu ndi zipewa ziwiri sanajambule zisanu zokha. Zilipo zina m'foni mwake. Ndikalankhula, afufuta. Ndimakudziwani, mukachita mantha mumafufuta. Ndikakupemphani zonse pamodzi, mudabwa. Ndiye ndinkakusitirani malaya, n'kumakutumizani ndekha kwa mkazi wanuyo, kuti mundibweretsere bambo anga."

Iye anapitiriza kundionetsa, imodziimodzi, nkhope yanga akuikankhira kunja nthawi iliyonse. Mu yachisanu ndi chimodzi mkuluyo ankasoka ukonde, ulusi atakola kuchala chachikulu chakuphazi. Mu yachisanu ndi chinayi ankamwa tiyi m'kapu yawo yopanda chogwirira, akuuzira kaye monga ankachitira nthawi zonse. Mu yakhumi munkangooneka mapazi okha, atatulukira pakhomo pa kanyumbako, mwini wake akupuma.

"Imeneyo ndinakhumudwa nayo," anatero. "Koma mapazinso ndi awo. Ndinawaonera sabata yonse."

Kenako anatsegula ya khumi ndi chiwiri. Ndinamva mawu anga, okoma ngati a mnyamata wogulitsa maluwa uja: "Mayi a Shamila, ndakusowani kwambiri." Pamene ndinatchula dzinalo, nkhalamba ya kumbuyo ija inadzutsa mutu. Inayang'ana molunjika pafoni, inamwetulira, mano ake awiri otsala ali poyera, n'kukweza dzanja.

Mwanabibi anaimitsa pamenepo.

"Anamva mukutchula ine. Kuchipatala masiku atatu omaliza sankatha kulankhula, anapita osanditsanzika. Ananditsanzika apa."

Nkhuku inadutsa pabwalo. Kutali kunkamveka ana akutuluka kusukulu.

"Lolemba kwabwera yatsopano," anatero akuika foni pamakina. "Madzi ochepa, phiri louma, malaya ena. Ndaifufuza ponseponse, mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Koma kumbuyo kwanu kulibe munthu. Ndinadziwa kuti zatha. Munandipempha kuti tsiku lina ndidzaonere filimu mpaka kumapeto osatsegula pakamwa. Ndaonera."

Mu mafilimu, apa ndi pomwe mwamuna amagwada, mvula n'kuyamba. Ndinagwadadi, pasimenti yomwe ndinaika ndekha. Ndinati ndalakwa, ndinati satana, ndinati Lucy ndimusiya lero lomwe, ndinati tiganizire mwana. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Mwanabibi anakonza diresi la kasitomala pansi pa singano, n'kuika phazi pa chopondera.

"Shamila muzibwera kudzamuona, ndi mwana wanu. Chikwamacho zipi inali itaduka, ndakonza. Nyamukani asanakupezeni mutagwada."

Makina anayamba kulira.

Pa Kachulu minibasi inali isanadzaze. Ndinakhala kumbuyo, chikwama chili pamiyendo, pakati pa madengu a matemba. Ndinatulutsa foni yanga n'kutsegula ya khumi ndi chiwiri ija. Maso anga, mwachizolowezi, anathamangira pankhope yanga, ndipo ndinachita kuiphimba ndi chala chachikulu kuti ndione zakumbuyo. Nkhalamba inadzutsa mutu, inamwetulira, inakweza dzanja.

Ndinaisiya ipitirire kudutsa pomwe Mwanabibi anaimitsira. Dzanja litatsika, Che Hamisi sanabwerere ku nsomba zawo. Anayang'ana pansi, pomwe ndinaunjika malaya ndi zipewa zosinthira, kenako anayang'ana nsana wanga, nthawi yaitali, kumwetulira kuja kutachoka. Pamenepo dzanja langa la mu Malichi linafika n'kuzimitsa kamera.

Kondakitala anandigwedeza phewa, kufunsa ngati nditsikira ku Zomba kapena ndipitirira mpaka ku Songani. Ndinamuuza kuti adikire kaye, n'kubwezanso poyambira.